Mafunde Amodzi, Nchito Zitatu

 Lero tikambirana za mafunde a wailesi, amene amacokera pa nsanja za lamya zimene mumaziona m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Chipata. Mafundewa saoneka ndi maso, koma amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo angathe kugwira nchito zitatu.

Nchito yoyamba mukuidziwa: amanyamula mau, monga awa mukumvawa. Yaciwiri ndiyo kufufuza. Mukafuula pafupi ndi phiri, mau anu amabwerera. Mafunde naonso akagunda cinthu amabwerera, ndipo makina amadziwa mtunda umene cinthuco cili. Umu ndi mmene Robert Watson-Watt anazindikirira ndege ya mumlengalenga ku Britain m'caka ca 1935. Yacitatu ndiyo kunyamula mphamvu ya magetsi. M'caka ca 1964, William Brown wa ku America anaulutsa kahelikopita kakang'ono ndi mphamvu ya mafunde yokha.

Cobvuta ndi cakuti eriyo imodzi imamwaza mafunde mbali zonse, monga nyali ya koloboi, ndipo mphamvu yambiri imatayika. Koma maeriyo ambiri akaikidwa pamodzi, nagwira nchito mogwirizana, amasonkhanitsa mafunde ndi kuwalunjikitsa pamalo amodzi, monga toci. Zipangizo zina za 5G zili ndi maeriyo 64 m'bokosi limodzi. Kuno ku Zambia, MTN inayamba 5G m'caka ca 2022. Akatswiri akuyesayesa kuti nsanja imodzi yotere idzigwira nchito zitatu zonsezi nthawi imodzi.

Kodi tsono makolo anu adzaleka kuyenda mtunda kukachajitsa foni? Ai, osati msanga. Mphamvu yofika patali ndi yocepa zedi. Ingakwanire kacipangizo koyeza cinyezi m'munda wa cimanga kapena madzi a m'citsime, koma foni ndi nyale zidzafunabe sola.

Aphunzitsi, phunziro likatha thirani madzi m'beseni. Mwana agwetsemo timiyala tiwiri nthawi imodzi. Ana inu, penyetsetsani pamene mafunde akumana: pena akula, pena azimirira. Cinsinsi ca maeriyo ambiri cagona pamenepo, pakuti makina ndiwo amasankha malo amene mafunde akule. Jambulani zimene mwaona m'makope mwanu. Tsalani bwino.