Gule wa Mdima ku Japan ndi Zilombo za m'Mapulazi

Madzulo ano ndifuna tiyambire kutali, kutsidya la nyanja, kenaka tibwerere ku makomboni a Mashonaland.

M'chaka cha 1959, mu mzinda wa Tokyo, mnyamata wina wochokera ku dera la alimi ampunga la Akita, dzina lake Tatsumi Hijikata, anaonetsa gule wachilendo amene anakhumudwitsa owonerera ambiri. Gule ameneyu anatchedwa butoh, ndipo mwini wake anati ndi gule wa mdima. Ovina amadzola zoyera thupi lonse, ena amameta mpala, nayenda pang'onopang'ono ngati munthu wodzuka pamphasa ya matenda. Kukamwa kuli yasa, koma nthawi zambiri mawu satuluka, ndipo akatuluka amakhala kubuula chabe. Hijikata ankafanizira wovina ndi mtembo umene ukulimbana kuti uimirire. Nzeru yake inali yakuti munthu ayambe wadzikhuthula, atsale ngati chikho chopanda madzi, kuti china chipeze polowa. Mnzake Kazuo Ohno anavinabe atakalamba zedi, namwalira mu 2010 ali ndi zaka 103.

Kodi zimenezi nzachilendo kwa ife? Akuluakulu amene anabwera kuno pa galimoto za Ulere, kapena atalembedwa ndi Mthandizi, kudzalima fodya ku Trelawney, ku Banket ndi ku Mvurwi, anabwera ndi gule wamkulu. Ashona anazitcha zilombozo zvigure, naziopa kwambiri. Taonani kang'wingwi ali matope okhaokha. Tamverani kapoli akuimba ndi mawu aang'ono osadziwika mwini, amayi ndi kumavomera. Chilombo chilibe dzina la munthu, chilibe nkhope ya munthu, ndipo kwawo nkumanda. Pamenepa ndilekeza, pakuti ana ndi osameta akumvera, ndipo za kudambwe sizinenedwa pa wailesi.

Koma pali kusiyana, ndipo ine ndikuona kuti nkwakukulu. Wa ku Tokyo anafuna yekha kudzikhuthula, pamaso pa anthu ogula matikiti. Mtchona sanachite kufuna. Anafa pa pulazi ya mzungu, kutali ndi manda a makolo, popanda malume kapena mfumu yomulira. Amene anamuperekeza ndi anzake a ku dambwe, Achewa a ku Dedza, a ku Katete ndi a ku Tete, osakhala abale ake, ng'oma zikulira usiku wonse mpaka kasiyamaliro atatuluka.

Kuyambira chaka cha 2000, pamene mapulazi analandidwa, antchito ambiri anabalalika, ndipo zidzukulu zambiri za matchona zinalibe mudzi wobwererako. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique; Zimbabwe sanatchulidwe. Komabe pa maliro a m'makomboni a ku Norton, ku Shamva ndi ku Tafara, zilombo zimatulukabe, ndipo ena mwa amayi ovomera nyimbo sanapondepo ku Malawi.

Tsalani bwino.