ZA NGALAWA YOGULA KUTALI, NDI ULENDO WAKE KUFIKA KWATHU

Mau amene mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi analankhula kwa mpingo pa masiku a Jubili



Akulu andipatsa kanthawi kuti ndinene za nkhani imene siichoka pakamwa pa anthu chiyambire kusonkha chopereka cha Jubili, ndiyo nkhani ya ngalawa. Mudziwa kuti ambiri afuna kuti ndalamazi zigule boti la injini lotumikira abale athu a kuchigwa, a ku Muona ndi ku Makhanga, amene madzi amawatsekera njira. M'mwezi wa January 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake, Makhanga nasanduka ngati chilumba. Ndipo m'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anaononga kuno kumapiri ndi kunsi komwe. Akatekisti amene amatsika njira ya ku Thekerani adziwa kuwawa kwa kuima pagombe, wodwala ali tsidya lija, chowolokera palibe. Cholinga chimenechi nchokoma, ndipo ine sinditsutsana nacho. Boti latsopano sitingalithe. Chotero maso athu apenya ku nyanja, ku Mangochi, kumene kuli munthu wofuna kugulitsa lake lakale. Munthuyo tangomumva pa lamya, ndipo botilo tangoliona pa chithunzi, lili ndi utoto wowala.

Mau anga ndi awa: ngalawa siikhala yanu pa tsiku limene mwalipira, ikhala yanu pa tsiku limene yayandama pa madzi a kwanu, itasenza katundu, osamira. Pakati pa masiku awiriwo pali ulendo, ndipo ulendowo uli nao mtengo wake umene wogulitsa satchula.

Wina adzati, Kodi ife othyola tiyi, ozolowera dengu ndi sikelo, tidziwanji za ngalawa? Zoona, nkhafi ambiri a ife sitinaigwirepo. Koma dziko lathu lino laona ngalawa zambiri zogulidwa kutali, ndipo zina zinapita pansi pa mapiri athu omwewa. Mundilole ndikumbutse za izo.

M'chaka cha 1858 Dr. David Livingstone anafika ku Zambezi ndi sitima yotchedwa Ma Robert, yopangidwa ku Birkenhead ndi chitsulo cha mtundu watsopano. Pochokera kwao inaoneka yokongola. Koma itafika m'madzi a kuno chitsulocho chinayamba kubooka timabowo tosawerengeka, anthu nagwira nchito yokapa madzi usana ndi usiku. Nkhuni inadya zambiri, liwiro inalibe, ndipo m'mwezi wa December 1860 inamira pa mchenga m'Zambezi. Inadza ina, dzina lake Pioneer, m'chaka cha 1861. Iyi inali yolimba ndithu, koma inali yozama pansi, yofuna madzi akuya. Ndipo mu Shire muno, m'madambo omwewo kumene tifuna kuika boti lathu, inakhala pa mchenga masabata ambiri osasuntha. Taonani, abale: sitimayo inalibe chilema, koma inapangidwira madzi ena.

Yachitatu ndiyo imene indimvetsa chisoni. Livingstone anaturutsa mapaundi 6,000 a m'thumba mwake kuti ampangire sitima ya pa nyanja yathu, naitcha Lady Nyassa. Inadza zidutswazidutswa m'chaka cha 1862, nailumikiza ku Shupanga, ndipo chaka chotsatira anaikokera kufikira pansi pa mathithi a Shire. Pamenepo anayamba kuimasula ndi kulambula mseu wolambalala mathithiwo. Koma dziko linali m'njala ndi m'nkhondo ya ogwira akapolo; onyamula panalibe, chakudya panalibe; ndipo kalata inafika yochokera ku boma la kwao yomuitana kuti abwerere. Anailumikizanso, natsika nayo ku nyanja ya mchere, naoloka nayo kunka ku Bombay m'chaka cha 1864. Kumeneko pambuyo pake inagulidwa ndi mapaundi 2,300 okha. Ndipo ngakhale ameneo anatayika, pakuti banki imene anasungitsako inagwa. Sitima yokhala ndi dzina la nyanja yathu siinalawe madzi a nyanjayo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndalama zogulira zinalipo. Chimene chinasowa ndicho mphamvu yoifikitsa.

Mathithi amenewo muwadziwa maina ake, pakuti ena a iwo ndiwo atipatsa magetsi: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, Kapichira. Pamenepo mtsinje utsika mapazi oposa 1,000, ndipo palibe ngalawa ingakwere kapena kutsika.

Amene anayamba kupambana mathithiwo ndi sitima ya nthunzi ndiwo a ulendo wa Livingstonia, m'chaka cha 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr. Robert Laws. Sitima yao, Ilala, inapangidwa ndi a Yarrow ku London, yomangidwa ndi mabauti kuti ithe kumasulidwa. Anailumikiza pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo mu Shire. Atafika pansi pa mathithi anaimasula yonse, ndipo mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anthu ngati 800. Anthu amenewa anasenza zitsulo pamutu ndi pa mapewa mtunda wa mamailosi ngati 60, m'miyala ndi m'dzuwa la chilimwe, malipiro ao nsalu. Ndipo mbiri ichitira umboni kuti sipanatayike kachidutswa ndi kamodzi komwe. Pa 12 October 1875 Ilala analowa m'nyanja. M'mabuku mwalembedwa maina a Azungu amene anali m'sitimamo. Maina a 800 aja sitiwapeza. Koma ndinena ine, pakadapanda makosi ao, Ilala akadatsata njira ya Lady Nyassa.

Nkhani ya Chauncy Maples, sitima ya a Mishoni ya ku Likoma, iposa zonse pa kulemera. Anaitcha dzina la Bishopu amene anamira pa nyanja m'chaka cha 1895. Inapangidwa ku Glasgow, niimasulidwa kukhala zidutswa 3,481. Zambiri zinatheka kusenzedwa pamutu. Koma mphika wake waukulu wophikira nthunzi unali wolemera matani 11, wosatheka kuudula. Anauika pa gareta la mikombero yachitsulo, ndipo Angoni 450 anaukoka ndi zingwe, kukwera zitunda ndi kuoloka makwawa, mamailosi ngati 3 pa tsiku. Apa mverani chinthu chimene chichititsa manyazi anzeru: opanga aja analemba nambala pa chidutswa chilichonse kuti olumikiza adziwe pokhala pake, koma pokuta zitsulozo ndi chozitchinjiriza ku dzimbiri, anakwirira manambala onse. Omanga anatsala ndi mulu wa zitsulo wopanda chizindikiro, nayesa ichi ndi icho, kufikira sitimayo inalowa m'madzi m'mwezi wa June 1901. Kanthu kakang'ono kochitidwa kutali ndi munthu wosadziwa ulendo kanadya miyezi ya anthu ena.

Musaganize kuti ndinyoza ngalawa yakale chifukwa cha ukale wake. Ilala woyamba uja anagulitsidwa kwa a Mandala m'chaka cha 1882, natumikirabe zaka zambiri. Chauncy Maples, atagwira nchito ya Mishoni zaka zoposa 50, anagulitsidwa m'chaka cha 1953. Ndipo m'chaka cha 1967 anakonzedwanso kukhala sitima yonyamula anthu ndi katundu. Thupi la ngalawa likakhala lolimba, ukalamba suli kanthu. Koma ogula aja anaidziwa sitimayo ndi maso ao, ndipo inali kale pa madzi amene anaifunira.

Pambuyo pake njanji inapeputsa makosi a anthu. Inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, kuchokera ku Port Herald, kumene tsopano titi Nsanje. Ndipo m'chaka cha 1935 ulalo wa pa Zambezi unatha, njanji nifikanso ku Salima. Ilala wachiwiri, wopangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, anadza m'mabokosi kudzera ku Beira kunka ku Chipoka, nayamba nchito m'chaka cha 1951. Njanji inalipo imodzi yokha masiku amenewo. Chotero mabokosiwo anadzera ku Sandama ndi ku Luchenza, m'boma lathu lino la Thyolo. Makolo athu ena anaima m'mbali mwa njanji, naona sitima ya pamadzi ili kupita pamtunda, osaidziwa.

Tsono tibwere pa boti lathu. Bvuto la Livingstone ndilo lathu lomwe, kungoti iye anafuna kukwera, ife tifuna kutsika. Boti lochokera ku Mangochi likhoza kuyenda pamadzi kufikira ku Liwonde, koma kunsi kwake mathithi aliletsa. Liyenera kukwera lole: kuchokera ku Mangochi kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba kufika ku Limbe, makilomita ngati 190, kuchokera apo kudza kuno, kupitirira Makwasa ndi Thekerani, ndi kutsika phiri kunka ku Muona. Kutsetsereka kwa kumeneko ndi makona ake simufuna kuti ine ndikuuzeni. Kodi tafunsa mtengo wa lole, ndi mafuta ake popita ndi pobwera? Kodi tayesa utali wa botilo ndi chingwe, kuti tidziwe ngati likwana pa lole? Nanga amuna olikweza ndi olitsitsa adzadya chiani? Walira mvula walira matope. Ndipo ulendo wotere uyenera kuchitika m'chilimwe. Tikadikira kuti madzi asefukire, mseu womwe udzatikana.

Pa lole pomwepo boti likhoza kufa. La matabwa likakhala padzuwa masiku angapo, matabwa auma nafota, mipata nitseguka, ndipo pofika liyenera kumatidwanso ndi kunyowetsedwa lisanasenze munthu. La faiba likagona pa chitsulo, mabampu a mseu aling'amba. Lifuna matayala akale pansi pake, ndi zingwe zomanga bwino. Injini ichotsedwe, iyende payokha, mafuta atakhuthulidwa.

Koma tisanafike pa lole, pali funso la Pioneer lija. Boti la ku nyanja alipanga la msana wakuthwa pansi, lozama, kuti lidule mafunde a mwera. Ku Makhanga kulibe mwera. Kuli mchenga wosuntha, mabango, namasupuni wokola injini, ndi madzi amene lero afika m'khosi, mawa m'maondo. Kumeneko lifunika boti la pansi pambalambanda, loyenda pa madzi ochepa. Amene angatiuze zoona pa ichi si ine, si Abusa, si wogulitsa. Ndiye munthu wopalasa bwato wa ku Makhanga komweko, amene akulira pa madziwo.

Za utoto uja ndinena mwachidule. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopita kukaona atenge mpeni, abaye matabwa a pansi ndi thabwa la kumbuyo limene injini ipachikidwapo. Mpeni ukalowa mosabvuta, mtengowo wabvunda. Asalione lili pa mchenga, koma alikankhire m'madzi, alowemo anthu khumi, akhale maora awiri, aone madzi olowa. Injini ailize yekha m'mamawa isanatenthe, pakuti injini yotha imalira bwino mwini akayamba waitenthetsa mseri. Ndipo ayang'ane ngati itulutsa kamtsinje ka madzi oiziziritsa. Nambala ya pa injini ifanane ndi ya pa chikalata, pakuti injini zobedwa ziliko, ndipo mpingo wogwidwa ndi katundu wakuba udzasowa pobisa nkhope. Afunse a komiti ya pa dooko ndi a mfumu a pamenepo ngati munthuyo ndiye mwini wake ndithu. Apitenso kwa a boma oyang'anira za maulendo a pamadzi, adziwe za kalembera ndi za chiwerengero cha anthu oyenera kukwera.

Ndamva kuti wogulitsa apempha kuti titumize theka la ndalama pa lamya, kuti asagulitse kwa wina. Sindinena kuti munthuyo ngwonyenga. Kapena ngwolungama koposa ine. Koma ndalamazi nza amai othyola tiyi m'mame, nza nkhalamba zogulitsa nthochi pa mseu, ife tangozisunga. Zisachoke m'manja mwa msungichuma kufikira maso athu ataona, ndi chikalata chitalembedwa pamaso pa mboni.

Chotero ndipempha akulu a mpingo kuti pa msonkhano wao aweruze izi. Atume anthu atatu ku Mangochi: mkulu wa mpingo mmodzi, munthu wodziwa injini mmodzi, ndi wopalasa bwato wosankhidwa ndi abale a ku Makhanga. Apite opanda ndalama zogulira, koma za ulendo zokha, nabwere adzatiuze. Pa chopereka chonse apatule gawo la lole, la kukonza, la majaketi oyandamitsa anthu, ndi la mafuta a chaka choyamba. Chotsalacho ndicho tingathe kutchula kwa wogulitsa. Ndipo abale a kuchigwa atiuze, boti lisananyamuke, dzina la munthu amene adzaliyendetsa, ndi malo okwera pamene lidzamangidwa madzi akadzafika.