A Sangala a ku Naisi ndi ndale za anthu ofatsa

(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa anthu a m'dera la Malemia, ku Domasi, m'boma la Zomba)



Nkhani yanga ndi ya munthu mmodzi, ndipo ambiri a inu muli naye m'thumba pakali pano. Tulutsani ndalama ya K100 muiyang'ane. Nkhope imene ili pamenepo kuyambira m'chaka cha 2012 ndi ya a James Frederick Sangala, mwana wa konkuno, wobadwira ku Naisi cha m'ma 1900. Ndalamayo masiku ano siigula kanthu kwenikweni, ndipo tikafunsa ana a sukulu kuti bamboyu anachita chiyani, ambiri amangoyang'ana pansi. Dzina la mayi Joyce Banda, amene anabadwira kuno ku Malemia mu 1950 nadzalamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, aliyense amalidziwa. La a Sangala tinalisiya m'manja mwa a Reserve Bank.

Mbiri ya kumenyera ufulu wa dziko lino timaimva kwambiri kuchokera kwa anyamata a nthawi imeneyo. A Kanyama Chiume anatulutsa buku la moyo wawo lotchedwa Kwacha mu 1975 ali kunja. La a Henry Masauko Chipembere, Hero of the Nation, linatuluka mu 2001, eni ake atamwalira kale ku America mu 1975. La mayi Vera Chirwa, Fearless Fighter, linabwera mu 2007. Onsewa ndi mabuku abwino, ndipo ena mwa inu amene munakhala ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka munawerenga la a Chiume pamene kuno kupezeka nalo kunali kudziputira tsoka. Koma anthu amenewa anali a m'badwo umene unaona akuluakulu monga a Sangala ngati ozengereza. Ndiye tikamawerenga, akuluakuluwo timawaona ndi maso a anthu amene anatopa nawo.

Pali buku limodzi limene limatipatsa mawu a m'badwo wa akuluwo. Ndi la a Lewis Mataka Bandawe, Memoirs of a Malawian, limene linatuluka mu 1971 mothandizidwa ndi a Bridglal Pachai, katswiri wa mbiri yakale. A Bandawe anabadwira ku Mozambique, anakulira m'manja mwa mishoni ya Blantyre, anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ku khothi lalikulu. Atsamunda anawapatsa mendulo ya M.B.E. Kwa mnyamata wa 1959, mendulo yoteroyo inali chizindikiro chakuti munthu wadyera mbale imodzi ndi azungu. Koma moyo wa anthu ngati a Bandawe unali wa makolo, mpingo, sukulu, ntchito, ndi kukanganira anthu awo m'njira imene iwo ankaidziwa, ya kalata ndi msonkhano. A Sangala anayenda m'njira yomweyo, koma anafika nayo patali kuposa anzawo.

Kuti tiwamvetse tiyambe ndi mishoni imene ili apayi. A Church of Scotland anafika ku Blantyre mu 1876, ndipo mu 1884 a Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la Mfumu Malemia. Anafika pakati pa Ayao, ambiri mwa iwo anasankha Chisilamu, ndipo mpaka lero belu la tchalitchi ndi kuitana kwa ku mzikiti zimamveka m'chigwa chimodzi popanda kumenyana. Mwana wobadwa mu 1900 pafupi ndi mishoni imeneyi ankaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Koma ankaphunziranso china chimene sichinalembedwe pa bolodi. Mpingo wa Chipresibateriya umayendetsedwa ndi bwalo la akulu a mpingo. Pamakhala wapampando, pamakhala mlembi, nkhani imakambidwa, manja amakwezedwa, ndipo chimene agwirizana chimalembedwa m'buku kuti mawa wina asakane. Mbusa sangochita za m'mutu mwake. Pofika 1911, pamene a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre, anthu athu anali atazolowera kale kukhala pa bwalo lotere.

Ine ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Malume anga, amene malinga ndi mwambo wathu ndiwo anali mwini mbumba, ankati ngakhale nkhani ya malire a dimba ikabuka, ankaitana onse, aliyense ayankhule, kenaka nkulemba m'kabuku. Ife ana tinkaseka, tinkati nkhani ya mphindi zisanu ikutha tsiku lonse. Ndikamawerenga za a Sangala ndimaona anthu a mtundu umenewo.

A Sangala anaphunzira uphunzitsi naphunzitsa kuno ku Domasi m'zaka za m'ma 1920. Malipiro a mphunzitsi wa mishoni sankakwanira banja, choncho anapita ku Blantyre ndi ku Limbe kumene anagwira ntchito zosiyanasiyana, ya ukalaliki ndi ya ukapitawo, asanalowe m'boma cha m'ma 1930. Pambuyo pake anakhala womasulira ku khothi lalikulu ku Blantyre, ndipo atapuma anayamba bizinesi youmba njerwa. Taganizani za ntchito ya womasulira pa nthawi imeneyo. Tsiku ndi tsiku amaima pakati pa woweruza wachizungu ndi munthu wa kumudzi amene sadziwa ngakhale chimene akumuimbira mlandu. Munthu wotere lamulo amalidziwa bwino, amadziwanso pamene lamulolo likupsinja. Anzawo ankawatchula kuti Pyagusi, kutanthauza munthu wolimbikira, wosagwa ulesi.

Nthawi imeneyo kunali timabungwe ta anthu akuda m'maboma osiyanasiyana. Koyamba kanali North Nyasa Native Association ka mu 1912, kamene mlembi wake anali a Levi Mumba. Kabungwe kalikonse kankalemba dandaulo lake kwa bwanamkubwa ku Zomba, ndipo boma linkayankha kalikonse pakokha, kapena osayankha n'komwe. A Sangala, amene anali mtsogoleri mu bungwe la ku Blantyre, anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1943 anayamba kuitanitsa misonkhano ndi kulemba makalata kuti timabungwe tonse tikhale chinthu chimodzi. Dzina loyamba linali Nyasaland Educated African Council. Mawu akuti Educated, ophunzira, akutiuza kufooka kwa anthu amenewa: poyamba ankaganiza kuti dziko liyankhulidwe ndi amene anapita ku sukulu. Mawuwo anachotsedwa, ndipo mu 1944 panabadwa Nyasaland African Congress, bungwe loyamba la ndale la dziko lonse.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchisunge. Munthu amene anathamangathamanga kuti bungwe libadwe sanakhale pampando. Pulezidenti woyamba anali a Levi Mumba, munthu wa kumpoto. A Mumba atamwalira mu Januwale 1945, mpando unapita kwa a Charles Matinga. A Sangala anadikira zaka khumi. Ife amene taona zipani zikugawanika chifukwa chakuti woyambitsa sakufuna kusiyira mnzake, tikudziwa kuti zimenezi si zapafupi.

Mpandowo anautenga mu Januwale 1954, zinthu zitaipa kale. Mu 1953 Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitakhazikitsidwa ngakhale mafumu ndi Congress anakana. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu, imene ili pa K50, inachotsedwa paufumu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Ku Thyolo ndi madera ena a kummwera kuno kunabuka zipolowe ndipo anthu 11 anaphedwa. Congress inabwerera m'mbuyo, anthu ambiri anataya nayo mtima. Bungwe limene a Sangala analandira linali lopanda ndalama ndi lopanda mphamvu.

Mkangano waukulu unali wa mipando ya ku nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury. A Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano anali kumeneko. Anyamata ankati kukhala m'nyumba imeneyo ndi kuvomereza Chitaganya, atuluke. Akuluakulu ankati mpando ukausiya adzakhalapo wina amene sadzatsutsa chilichonse. Mmodzi mwa anyamatawo, a Chipembere, anagwirako ntchito ya boma konkuno ku Domasi atangochoka ku Fort Hare, ndipo mu 1956 iwo ndi a Chiume anasankhidwa kulowa mu Legislative Council ku Zomba, kumene anayankhula mosaopa kotero kuti anthu ankalimbirana kuwerenga zokambidwa m'nyumbamo. Poyerekeza ndi moto umenewo, a Sangala ankaoneka ngati phulusa.

Komabe munthu amene ankatchedwa wofatsayu ndi amene mu 1956 anaimbidwa mlandu woukira boma chifukwa cha chikalata cha Congress chimene chinaperekedwa ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Womasulira wa ku khothi anaima m'bokosi la woimbidwa mlandu. Boma la atsamunda silinkawaona ngati bwenzi lake.

Sindikufuna kuwapaka mafuta. Makalata awo sanaletse Chitaganya. Anyamata ankanena zoona kuti mzungu wa ku Salisbury samva pempho, amamva chipwirikiti, ndipo ufulu wa 1964 sukanabwera msanga chotero popanda anthu amene anamangidwa ndi kuphedwa mu Malichi 1959. Congress ya akuluakulu inali ya aphunzitsi ndi makalaliki, siinafike mokwanira kwa mayi wolima m'dimba. Pa zimenezi ndili ku mbali ya anyamata.

Koma taonani zimene zinatsatira. Mu Januwale 1957 a Sangala anatula pansi udindo ndipo a T.D.T. Banda analowa m'malo. Sanayambitse chipani china, sanatenge mabuku a bungwe kupita nawo kwawo. Chaka chomwecho a Chirwa ndi a Kumbikano anachotsedwa mu Congress. Anyamata anaona kuti pakufunika munthu wamkulu, wophunzira, amene anthu a kumudzi angamuone ngati mpulumutsi, ndipo anaitana Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti chaka chomwecho anapatsidwa utsogoleri pamodzi ndi mphamvu yosankha yekha akuluakulu a komiti. Chizolowezi cha bwalo la akulu a mpingo, chakuti wapampando ndi mmodzi mwa anzake, chinathera pamenepo. Mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, anyamata omwe aja anali atachotsedwa kapena kutula pansi maudindo a unduna, ndipo posakhalitsa ambiri anali kunja. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo, mu 1971 pulezidenti anakhala wamuyaya. A Orton Chirwa, amene anaphunzitsapo kuno ku Domasi, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Inu amene munathawa simukufunika kuti ndikuuzeni zambiri.

Ndipo pamene zinthu zinayamba kusintha, zinayamba ndi chiyani? Ndi kalata. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Kenaka komiti ya mipingo, Asilamu, maloya ndi a bizinesi, ya Public Affairs Committee, inakhala pansi ndi nduna za boma. Kenaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Kunalinso sitiraka ndi magazi m'misewu ya Blantyre mu Meyi 1992, sindikuiwala. Koma zida zimene zinamaliza ntchito, kalata, komiti, mlembi, voti, ndi zomwe zija a Sangala ankanyozedwa nazo.

Tsono chimene chandiimitsa pano ndi ichi. Za ntchito ya a Sangala mu Congress zinalembedwa ndi akatswiri monga a Robert Rotberg ndi a John McCracken. Koma anthu a m'badwo umenewo sanali a Sangala okha. M'chigwa chino munali aphunzitsi ophunzitsidwa pa sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa kuno mu 1929, munali akulu a mpingo, a shehe, makhansala, amayi a Mvano, anthu amene ankasonkha makobiri a Congress ndi kulemba madandaulo. Mbiri yawo, ya mabanja awo, ya chikhulupiriro chawo, ya mmene analowera m'nkhani za dziko, ili m'masutikesi pansi pa mabedi athu. Ina inapsa kale. Malume anga aja, m'zaka za mantha, anatenga makalata awo onse ndi khadi lawo lakale la Congress nkuzisonkhera moto usiku, chifukwa panali zina zolembedwa ndi anthu amene mayina awo sankatchulidwanso. Anasiya Baibulo lokha, ndipo m'chikuto chake ndimo tinapeza masiku obadwa a mbumba yonse. Ndikhulupirira kuti nyumba zambiri pano zili ndi nkhani yofanana ndi imeneyi.

Zimene zinapulumuka moto tsopano zikudyedwa ndi chiswe, ndipo amene anaona Chitaganya ndi maso awo atsala owerengeka. Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1953 lero wapitirira zaka 80. Pempho langa kwa inu a m'tauni ndi lakuti mukabwera kudzaona makolo musangosiya shuga ndi sopo nkubwerera. Khalani pansi ndi agogo, foni yomweyo ijambule mawu awo, m'Chiyao kapena m'Chinyanja, mmene iwo akufunira. Afunseni kuti anabatizidwa kapena kuvinidwa liti, anaphunzira kwa yani, ndani anabweretsa khadi loyamba la Congress m'mudzi muno, ndani anakana kuligula ndipo chifukwa chiyani. Amene anakana nawonso alembedwe. Abusa ndi alembi a mipingo, mabuku akale a bwalo la akulu muwachotse pansi pamene pamadontha. Ndipo amene muli ndi makalata kapena zithunzi za nthawi imeneyo, nyumba yosungira zakale ya National Archives ili mu mzinda wa Zomba pompa, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi. Pitani nazo mukafunse mmene zingasungidwire, koma musanazipereke muyambe mwazijambula kuti kunyumba kutsale kope.