Ulendo wa ku Nyika ndi Vwaza: Zofunika Kudziwa Musananyamuke

Lero tikambe za ulendo wa ku Rumphi, boma limene munthu angathe kumvamo kutentha kwa kunyanja m'mawa, nagona akunjenjemera usiku wa tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi Nyika. Nkhalango yotetezedwa imeneyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ndipo inakulitsidwa mu 1978. Pamwamba pake, ku Chelinda, ndi mamita oposa 2,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Inu a ku Nsanje ndi Chikwawa, musanyozere: m'miyezi ya Juni ndi Julaye udzu umayera ndi chisanu m'mamawa. Tengani jekete ndi bulangete lolemera. Mafuta a galimoto thirani okwanira pa boma la Rumphi, pakuti mukadutsa Bolero ndi kulowa pa chipata cha Thazima simudzaonanso pogula. Msewu wake ndi wautali ndiponso wovuta, ndipo m'dzinja umafuna galimoto yokoka ndi mateyala onse anayi. Komatu nyengo ya mvula yomweyo ndiyo imene maluwa amakuta mapiri onse, pamene mbidzi, nchefu ndi chilembwe zimadya poyera. Ine ndimati matopewo ndi mtengo woyenera kulipira.

Tsopano mverani bwino za Vwaza. Pa nyanja ya Kazuni mudzaona mvuu ndi njovu, koma m'tchire lake muli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Kashembe amaluma masana, amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiponso amatsata galimoto imene ikuyenda. Choncho valani malaya a manja aatali a mtundu wa khaki, ndipo mazenera atsekedwe podutsa m'nkhalango. Sikuti kashembe aliyense ali ndi tizilombo ayi. Choopsa nchakuti kaodzera amayamba monga malungo: kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya kwa m'mafupa. Munthu amamwa mankhwala a malungo osachira, kwinaku matenda akulowerera ku ubongo, ndipo akapanda chithandizo amamwalira. Mukadwala mutabwerera kwanu, ngakhale patapita masabata angapo, uzani dokotala mosabisa kuti munali ku Vwaza, kuti ayeze magazi anu. Mankhwala ake alipo, ndipo chipatala cha boma cha Rumphi chimawadziwa bwino matendawa.

Ofuna kukaona Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, ndi mathithi a Manchewe, dziwani kuti msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20. Yesani mabuleki musanakwere, ndipo musatsike kutada. Mukagona ku Chitimba, kumbukirani neti yoteteza udzudzu.

Kotsiriza, eni dera amalankhula Chitumbuka. Mukakumana ndi akuluakulu nenani kuti "Monire", ndipo akakulozerani njira muyankhe kuti "Yewo".

Sabata ya mawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakwera sitima ya Ilala kupita ku Likoma. Tsalani bwino.