KUKONZA POPHIKIRA M'NYUMBA YA LENDI NDI NDALAMA ZOCHEPA

(Mau awa anakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi pa nthawi ya alimi.)

 Lero sitikamba za mizere kapena za manyowa ai, tikamba za moto wophikira. Kapena wina afunsa kuti, kodi mlangizi wa ulimi afunanji m'khitchini mwa amayi? Mverani. Mtengo umene ukupsa pa mafuwa ku Kawale udamera m'phiri la kwanu, ndipo mwana amene akutsokomola ndi utsi ku Mgona ndi mdzukulu wanu yemwe.

Chiyambire chaka cha 1975, pamene likulu la dziko lidachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ana anu ambiri akhala akusiya mudzi kukafuna ntchito m'tauni. Ambiri mwa iwo alibe nyumba zaozao. Akhala pa lendi ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, m'nyumba zamdadada za chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo kawirikawiri khitchini palibe. Mayi aphikira pakhonde, mvula ikagwa alowetsa moto m'nyumba. Mukamuuza kuti akonze pophikira pake, ayankha kuti nyumba si yanga, mwezi wa mawa ndikhoza kusamuka. Mau amenewo ali ndi nzeru yake, pakuti akulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Palibe amene afuna kutaya ndalama pa khoma la munthu wina. Koma zambiri zimene ndinene lero ndi zinthu zoti munthu akamasamuka anyamula pamutu pamodzi ndi mphasa yake.

Poyamba tione vuto la mafuwa. Moto wa pa miyala itatu uli poyera mbali zonse. Mphepo iukankhira uku ndi uku, malawi adutsa m'mbali mwa mphika natenthetsa mpweya wachabe, ndipo kutentha kumene kufika ku nsima ndi kochepa ndithu poyerekeza ndi nkhuni zimene zapsa. Mbaula yamalata okhaokha, ija yopanda dothi m'kati, vuto lake ndi lomwelo: chitsulo chitaya kutentha msanga, makala anyeka ngati udzu, ndipo patapita miyezi yowerengeka pansi pake paboola. Kumudzi mtolo ukatha mutuma mwana kudambo. M'tauni kamtengo kalikonse ndi kogula, ndipo makala a m'timapepala timene agulitsa m'mbali mwa mseu adya ndalama ya ndiwo tsiku ndi tsiku.

Tsono chinthu choyamba chogula ndi mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo. Ambiri mwaiona. Ioneka ngati mphika waukulu wopanda chivundikiro, ili ndi khomo m'mbali lolowetsera nkhuni, timitu pamwamba tokhazikapo poto, ndi zogwirira ziwiri. Mbaula imeneyi idayamba kuumbidwa ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo idafala kwambiri kuchokera mu 2013, pamene Pulezidenti Joyce Banda adalengeza kuti dziko lino likhale ndi mbaula zosaononga nkhuni zokwana 2,000,000 pofika chaka cha 2020. Dothi lake lisunga kutentha ndi kukulozetsa ku mphika, kotero kuti pa mitolo itatu imene mukadatentha pa mafuwa, pafupifupi umodzi utsala. Werengani nokha mtolo umenewo pa chaka chathunthu. Mtengo wa mbaulayo ubwerera m'thumba mwanu masabata owerengeka asanathe.

Pogula muiombe pang'ono ndi chala. Ikalira bwino ngati mphika wopsa, tengani. Ikalira mogontha, ndiye kuti ili ndi mng'alu m'kati kapena sidapse bwino, isiyeni angakhale akuchotsereni mtengo. Tsiku loyamba musasonkhe moto waukulu, yambani ndi tinkhuni tochepa kuti dothi lizolowere. Khomo lake liyang'ane kumene kukuchokera mphepo. Musadzaze khomolo ndi zikuni, pakuti moto ufuna mpweya monga munthu; timitengo tiwiri kapena titatu towaza bwino ndi touma tikwanira, ndipo muzitikankhira m'kati pang'onopang'ono. Chimene chipha mbaula zambiri ndi madzi. Mayi akatha kuphika athira madzi kuti azime moto, dothi lotentha ling'ambika pomwepo. Sololani zikunizo muzizimire pa mchenga. Mng'alu waung'ono ukaoneka, matani ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa.

Ndidziwa kuti m'tauni ambiri aphikira makala, chifukwa eni nyumba ena akaniza nkhuni poopa mwaye. Amenewa agule mbaula ija yamalata yokhala ndi dothi lootcha m'kati, imene ena aitcha jiko potsata dzina la ku Kenya kumene idachokera. Amisiri okhoma zidebe azipanga ndi kuzigulitsa m'misika ya m'Lilongwe. Iposa mtengo mbaula wamba, koma idya makala ochepa ndipo ikhalitsa. Ili ndi kachitseko pansi, ndipo anthu ambiri sadziwa ntchito yake. Tsegulani pokoleza moto ndi pamene mufuna kuti madzi awire. Zikayamba kubwata, tsekani. Nyemba sizipsa msanga chifukwa chakuti moto walilima. Dothi la m'katilo likasweka, musataye mbaula yonse, pitani nayo kwa mmisiri aikemo lina. Makala otsala muwaike m'chitini chokhala ndi chotsekera, azima okha, mawa muphikira omwewo.

Tsopano za pokhazika mbaula, pakuti apa ndi pamene mlandu ndi eni nyumba uyambira. Mbaula yotentha ikakhala pa simenti masiku onse, simentiyo ing'ambika, ndipo tsiku losamuka mudzauzidwa kulipira. Funani njerwa zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu, muziyale pansi popanda kumata, pakati pake muthire mchenga kapena phulusa, pamwamba muike chidutswa cha lata lakale. Pamenepo ndiye pokhala mbaula. Musakweze kwambiri, poopa kuti mphika wa nsima ungagwedere pothyakula. Pakati pa mbaula ndi khoma pakhale danga lokwana mkono, ndipo lata lina muliimike kumbuyo ndi kumbali kumene kuomba mphepo. Lata limenelo ligwira ntchito ziwiri: litchinga mphepo kuti isabe moto, ndiponso mwaye udetsa latalo m'malo mwa khoma. Ngati khoma lidada kale, palani mwayewo ndi tsache louma, mutsuke, likauma mupake njereza kawiri. Njereza ndi yotsika mtengo kuposa penti, ndipo mwini nyumba wanzeru sangakane.

Alipo ena amene akhala pa nyumba imodzi zaka zambiri ndipo amvana ndi eni ake. Amenewa akhoza kumanga mbaula yokhazikika ya zidina ndi matope. Ku Nkhata Bay bungwe la RIPPLE Africa lidafalitsa mbaula yotere yotchedwa Changu Changu Moto, imene imangidwa ndi zidina 26 ndipo iphika miphika iwiri nthawi imodzi. Siifuna simenti kapena chitsulo. Koma musayambe kuponda matope musanapemphe. Pitani kwa eni nyumba, mutenge ndi mboni, mupangane malo omangapo, mupanganenso ngati ndalama ya kakhumbi kotchinga mvula ichotsedwa pa lendi kapena ai, ndipo mau amenewo alembedwe pa pepala. Pangano la pakamwa liiwalika tsiku limene lendi yakwera. Kuboola khoma kuti utsi uzituluka, kapena kukweza lata la padenga, musachite konse popanda chilolezo. Ine ndiona kuti kwa munthu wa chipinda chimodzi mbaula yonyamula ndiyo yabwino, yomanga njoyenera iwo amene ali ndi khitchini yapadera.

Pali chinthu china chimene ndifuna kuti inu mafumu muchinene pa msonkhano uliwonse, chifukwa chatengera anthu kumanda. M'miyezi ya Juni ndi Julaye ku Lilongwe kuzizira, ndipo anthu alowetsa mbaula ya makala m'chipinda, natseka chitseko ndi mazenera, nagona. Makala akamanyeka m'malo otsekeka atulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndi maso ndipo sununkha konse. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka tulo timgwira, osadzukanso. Makala ofiira bwino opanda utsi apha chimodzimodzi. Musanyengedwe poona kuti utsi watha. Ena anena kuti ukaika mbale ya madzi pambali palibe choopsa. Limenelo ndi bodza. Mbaula igone panja. Mukapeza anthu atakomoka m'chipinda muli makala, tsegulani zitseko zonse, muwatulutsire panja pa mphepo, ndipo muthamange nao kuchipatala msangamsanga, angakhale aoneke ngati atsitsimuka. Musachedwe ndi kuwamwetsa mkaka kapena kufuna sing'anga.

Utsi wa nkhuni nao uli ndi mlandu wake, ngakhale upha pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 3,200,000 adafa ndi matenda obwera kaamba ka utsi wa m'nyumba. Ovutika kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono, makamaka khanda limene lili kumbuyo pamene mayi wake awerama kuuzira moto. Chibayo cha ana chiyambira pamenepo kawirikawiri. Phikirani panja kapena pakhonde pamene mungathe, ndipo mvula ikakulowetsani m'nyumba, chitseko ndi zenera zikhale zotsegula kufikira moto utatuluka.

Zina ndi zosalira ndalama. Vundikirani mphika. Nyemba zouma muziviike madzulo kuti mawa zipse msanga. Konzeranitu ndiwo, ufa ndi madzi musanakoleze moto, kuti makala asanyeke mukusenda tomato. Ndipo amene ali ndi dengu lakale aliyale m'kati ndi nsanza zoyera, bulangeti lakutha kapena udzu wouma. Nyemba zikabwata kwa kanthawi, phulani mphikawo uli chivundikire, muuike m'dengumo, mufunditse bwino pamwamba. Zipitiriza kupsa zokha ndi kutentha kwake komwe, inu muli ku ntchito zina. Mpunga ndi chingowe zitero bwino lomwe.

Ndibwerere kwa inu a kumudzi, pakuti gawo lanu ndi lalikulu. Makala ambiri olowa mu Lilongwe akhala akuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama, ndipo inu okhala m'mbali mwa mseu wa ku Likuni ndi ku Malingunde mwaona njinga zolemedwa ndi matumba zikutsika mbandakucha. M'nkhalango yomweyo ndi momwe muchokera mtsinje wa Lilongwe, umene udzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda wonse umwa. Mitengo idatha kotero kuti mu 2015 Boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 zilango zake zidaonjezedwa. Koma asilikali ndi zilango sizingathe ntchitoyi pamene mabanja a m'tauni akali kutentha matumba awiri pophika chakudya chimene thumba limodzi ndi theka likadakwanira. Phiri likayera, madzi a mvula atsika mwaukali nakokolola minda yanu, ndipo zitsime ziphwa mwezi wa Okutobala usanafike.

Chifukwa chake mwana wanu akabwera kudzatenga ufa, mpatseni ndi thumba la zitsononkho ndi mtolo wa mitengo ya nandolo. Zimenezi ziyaka bwino mu Chitetezo. Koma mapesi a chimanga musapereke, amenewo ndi a m'munda, aole momwemo kapena alowe m'dzenje la manyowa. Bzalani nandolo pakati pa chimanga chaka chino: mudya ndiwo, nthaka ipeza chonde, ndipo nkhuni mukolola chaka ndi chaka osagwira nkhwangwa.

Inu mafumu amene m'dera mwanu muli mtapo wa dothi loumbira miphika, muli ndi chuma. Amayi odziwa kuumba akhoza kuphunzira kupanga mbaula za Chitetezo pa chikombole. Dothi lifunika kulisunga lonyowa masabata angapo lisanaumbidwe, mbaula ziume pamthunzi, osati padzuwa, ndipo ziotchedwe mu uvuni kuti zipse mofanana. Ntchito imeneyi ndi ya chilimwe, pamene m'munda mulibe zambiri. Funsani mlangizi wa kwanu kapena a za nkhalango kuti akulozereni kumene gulu lingaphunzire. Patulaninso malo a nkhalango ya mudzi, monga mafumu akhala akuchitira kuyambira 1926, kuti uvuniwo usadye mitengo ya m'phiri.

Ndipo ena mwa inu, makamaka a ku Chinsapo ndi midzi ina imene tauni yaipeza, ndinu eni nyumba zimene tikunenazi. Mukamamanga mdadada wa zitseko zinayi kapena zisanu, onjezani kakhumbi kophikira kumbuyo, ka mizati, malata ochepa ndi khoma lofika m'chiuno, kuti mphepo izidutsa pamwamba. Mtengo wake sufika pa mtengo wa malata a padenga amene utsi uwadyetsa dzimbiri, kapena wa kupaka makoma nthawi iliyonse pamene mlendi wasamuka. Wa lendi akabwera kudzapempha kuyala njerwa pakhonde kapena kupaka njereza, mloleni.

Sabata ya mawa pa nthawi yomweyi tidzakamba za kufesa mbeu za mitengo ya nkhuni pa nazale, ndi mitundu imene iphukanso ikadulidwa.