MLOMBWA NDI MBALE WACE MUKULA

Mu Kalikiliki, monganso mu Mtendere ndi Kalingalinga, muli amisiri amene apala zitseko, mipando ndi makama. Munthu wofuna citseko cokhalitsa amati, "Cikhale ca mukwa." Mukwa umenewu ndiwo mlombwa wa kumudzi, umene makolo anali kusema nao ng'oma ndi mabwato.

Mlombwa uli ndi mbale wace, dzina lace mukula. Akatswiri aika mitengo iwiriyi m'banja limodzi lochedwa Pterocarpus. Yonse ikatemedwa ikha utomoni wofiira ngati mwazi. Mlombwa udziwika ndi cipatso cace cozungulira, ca minga pakati, ndipo thabwa lace silibvuta kupala, silipindikanso likauma. Mukula ndi wolemera, ndipo mtima wace ndi wofiira kwambiri.

Kufiira kumeneko ndiko kunauitanira tsoka, pakuti ku China mipando ya mtengo wofiira igulidwa ndi ndalama zambiri. Zipika zosawerengeka zinacoka ku Luapula, ku Muchinga ndi kwina. Boma linaletsa malondawa kangapo, monga m'caka ca 2017, koma akuba sanaleke.

Codabwitsa ndi cakuti pa mndandanda wa bungwe la IUCN mitengo yonse iwiri ilembedwa kuti siili pangozi ya kutha, cifukwa imera m'maiko ambiri. Kuwerenga kotere nkoona, koma sikunena kuti mitengo yaikulu yatsala ingati m'thengo la mfumu imodzi. Motero m'caka ca 2019, pa msonkhano wa CITES ku Geneva, dziko la Malawi linapempha kuti mukula usamaturuke m'dziko popanda cilolezo, ndipo maiko anabvomera. M'caka ca 2022, ku Panama, lamulolo linafikira abale onse a mukula a mu Africa, pamodzi ndi mlombwa. Anacita bwino, pakuti zipika zikasanjidwa pa lole nkobvuta kuzisiyanitsa, ndipo wotema akasowa wina atembenukira kwa mbale wace.

Lamuloli likhudza malonda a kunja okha. Mmisiri wa mu Kalikiliki agulabe mukwa, ndipo mlombwa sufulumira kubwerera pamene watemedwa. Ukamera, kamtengo kace kamauma pamwamba caka ndi caka, muzu wokha ndiwo ukula pansi. Zipita zaka zingapo usanaturutse tsinde lopirira moto wa lupsa, ndi zaka makumi ambiri lisanakwane kuceka thabwa la citseko.