Udzu wa pansi pa madzi ndi pobisala kasawala

Mawu amene mlangizi wa za nsomba anayankhula pa msonkhano wa makomiti a m'madoko

Lero ndabwera ndi nkhani ya udzu, udzu womwe uja timaukutumula pa khoka n'kuutaya pamchenga.

Ambiri mukudziwa kuti mbuna zathu zimagulitsidwa kunja zamoyo. Zimachokera m'malo ngati Senga Bay, kukwera ndege, ndipo ku Germany ndi ku America anthu amazisunga m'nyumba, m'mathanki agalasi, kuti azingoziona. Chimene mwina simunamve n'chakuti anthuwa amagulanso udzu wobzala m'mathankimo. Wina mwa udzu umene amaukonda ndi Vallisneria, wa masamba aatali ngati lamba, womwe kuno umamera wokha pamchenga m'madzi osaya.

Wosunga nsomba m'thanki amavutika nawo udzuwu. Amauyatsira getsi maola 8 kapena 10 tsiku lililonse, chifukwa chomera chilichonse chimafuna kuwala. Pobzala amakwirira mizu yokha, tsinde osalikwirira, apo ayi chiwola. Amaika timiyala mozungulira chifukwa nsomba za m'nyanja yathu zimakonda kukumba. Akatero amadikira milungu ingapo osaugwedeza, mpaka utayamba kuyanga pansi ngati kapinga ndi kutulutsa ana. Ukazulidwa kawiri katatu usanagwire, watha. Madzi akada ndi matope, kuwala sikufika pansi, watha.

Tsopano tiganize za khoka. Nkacha kapena khoka la kambuzi likamakokedwa, chingwe cha pansi chimakhwekhwereza mchenga, kuzula zonse zomera ndi kuvundula matope. Pamalo amodzi pakokedwa m'mawa, pakokedwa madzulo, mawa chimodzimodzi. Udzu ugwira nthawi yanji?

Anzathu a ku Malombe anaziona. Nyanja ija ndi yosaya ndipo kale pansi pake panali zomera zambiri. Mu 1982 kunagwidwa chambo choposa matani 8,000, koma pofika 1992 sichinafike ngakhale matani 1,000. Zifukwa zinali zingapo, maukonde a maso aang'ono ndi kuchuluka kwa asodzi, koma kutha kwa zomera za pansi kunali chimodzi mwa izo. Mavuto amenewa ndi amene anachititsa kuti ma BVC ayambe ku Malombe mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba.

Chambo chachikazi chimasunga ana m'kamwa. Nthawi ikakwana chimapita nawo kosaya n'kukawalavula m'bango ndi mu udzu. M'menemo kasawala amabisala kwa ncheni ndi mbalame, ndipo amadya ndere ndi tizilombo tokhala pamasamba. Mayi akafika n'kupeza mchenga wokhawokha, anawo amakhala ndiwo za ena. Tikhoza kusunga bwino nyengo yotseka nyanja, koma ngati pobisala palibe, phindu lake likhala lochepa.

Wina andifunsa za namasupuni. Ameneyo ndi wosiyana. Kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankamubzala kaamba ka maluwa ake okongola. Amayandama pamwamba n'kutseka kuwala, motero udzu wa pansi umafa. Iyeyo muvuuleni, muumike kumtunda.

Pempho langa n'lakuti doko lililonse lisankhe malo amodzi pamene udzu ndi bango zikadalipo, ndipo pamenepo khoka lisaponyedwe chaka chonse, bango lisadulidwe kapena kutenthedwa. Ndikudziwa kuti kwa eni makoka mawuwa ndi owawa, chifukwa malo oterewa ndi amene khoka limadzadza msanga, ndipo alovi amadya za tsiku lomwelo. N'chifukwa chake sindikufuna kuti malowo ndisankhe ine. Musankhe nokha, eni makoka ali pomwepo, malire aikidwe ndi zizindikiro zoti aliyense aziona, ndipo chindapusa mugwirizane pamaso pa amfumu.

Alembi a komiti iliyonse abweretse dzina la malowo ndi mayina a oyang'anira pa msonkhano wa mwezi wamawa.